Matabwa anga aloza kumwamba

Agogo anga ankazira nyumba ndi dothi la kudambo, ndipo sanaitanitsepo msonkhano wokambirana koyambira dzanja. Ine mdzukulu wawo, wa satifiketi ya Fomu 4, ndinatha masiku atatu nditagwira m'chiuno pabalaza, osadziwa kuti matabwa agone chotani.

Ndikunena laminate, timatabwa tija timalowana tokha popanda msomali kapena guluu. Ndi matabwa a dzina chabe: mkati ndi utuchi wopanikiza, pamwamba chithunzi cha mtengo. Koma mnzanga wa kuntchito atangoika kwake, simenti yanga yofiira, imene taipaka polishi zaka 12, inayamba kundichititsa manyazi ngati ngongole ya katapila.

Mmisiri anati, "Bwana, agone motsata kuwala kochokera pawindo lalikulu, kuti molumikizana musamaoneke." Mayi a kunyumba anati ayi, atsate khoma lalitali kuti balaza lioneke lotakasuka, anaonera pafoni. Tsoka ilo, windo lathu lili pakhoma lalitali lomwelo. Malamulo awiriwa anafulatirana.

Monga mutu wa banja, ndinagamula kuti agone chopendekeka, kuchoka ngodya iyi kukafika iyo, aliyense apambane theka. Mmisiri anakanda kumutu n'kundiwerengera: mowongoka umawonjezera matabwa 10 pa 100 alionse chifukwa cha zidutswa zotayika, chopendekeka 15. Nditakumbukira mtengo wa bokosi limodzi, mutu wa banja unazyolika. Tinatsata khoma lalitali, ndipo aneba ndinawauza kuti nzeruyo inali yanga.

Poti mlandu waukulu unandikanika, ndinalimbikira timilandu tating'ono. Akuti mabokosi akhale m'nyumba maola 48 kuti azolowere mpweya wake. Ndinati alendo ochokera kumudzi amazolowera tsiku lomwelo, iwowa ndani? Akuti tisiye mpata wa mamilimita 10 m'mphepete mwa khoma, poti matabwawa amafufuma kukachita chinyezi. Ndinati sindinagule msewu wa mphemvu, kanikizani.

"Ndalama ndi zanu, bwana," anatero mmisiri uja, maso ali kudenga.

Mu Januwale, mvula ili pakati, kunabwera apongozi kuchokera ku Ntcheu. Iwowo ulesi saudziwa. Tambala asanalire kachiwiri anali atakhuthula kale ndowa yodzaza pabalaza, akukolopa uku akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi. Ndinaima pakhomo pakamwa pali yasa. Mkamwini ndani angalande apongozi chikolopa? Ndinangoti, "Zikomo amayi, mwatithandiza." Anatithandiza choncho m'mawa uliwonse kwa sabata yathunthu.

Matabwa anamwa, anatupa, anafuna kothawira n'kupeza khoma lawatsekera. Pamenepo anasankha okha kolowera, kumene mmisiri, mayi a kunyumba ndi ine sitinakutchulepo: kumwamba. Pakati pabalaza patumphuka kachulu, tebulo likuvina, ana akulumphapo ngati pamzere wa chimanga.

Mayi a kunyumba sananene kanthu mpaka lero. Koma dzulo ndinapeza chitini chatsopano cha polishi wofiira pampando wanga, ndipo palibe akuvomera kuti wachiikapo.