Maliro Amene Akuchedwa ku Wrexham

Mu mzinda wakale wa Chester, umene malinga ake anayamba kumangidwa ndi Aroma, muli mwambo umene mlendo ayenera kuudziwa asanakhale pansi m'nyumba yomwera mowa. Munthu waulemu wake amayamba ndi kulumbira kuti za Wrexham alibe nazo kanthu, ndipo akatero amakamba za Wrexham kufikira mwini nyumba atazimitsa nyali.

Mizinda iwiriyi, wina ku England wina ku Wales, yatalikirana makilomita pafupifupi 20 okha, ndipo matimu ake a mpira akhala akusungirana chidani chimene atate amasiyira ana awo pamodzi ndi katundu wa m'nyumba. Kale chidanicho chinali chokoma, pakuti onse anali amphawi. Wrexham, yobadwa mu 1864, inagwa m'ligi ya akatswiri mu 2008 n'kukhala zaka 15 m'chipululu. Chester City inathetsedwa ndi khoti mu 2010 chifukwa cha ngongole, ndipo ochemerera ake anadzutsa Chester FC ndi ndalama za m'matumba mwawo. Koma mu February 2021, amuna awiri a mafilimu ochokera kutsidya la nyanja, Ryan Reynolds ndi Rob McElhenney, anagula Wrexham, ndipo kuyambira pamenepo mowa wa ku Chester unayamba kuwawa.

M'nyumba yomwera mowa ija, woyamba kulankhula amakhala mkulu wosalabadira. Iyeyu, amene amati maso ake sanaonepo filimu ya Welcome to Wrexham, adzakuuzani popanda kuyang'ana papepala kuti Paul Mullin anachoka ku Cambridge United ali womwetsa zigoli zambiri mu League Two n'kutsikira m'ligi yapansi kukasewerera Wrexham, ndi kuti munthu satsika makwerero otere chifukwa chokonda mphepo ya ku Wales. Adzakuuzaninso kuti mu 2023 Wrexham inakwera ndi mapointi 111 pamene Notts County inali ndi 107, ndi kuti penate ya Notts County imene goloboyi wa Wrexham, Ben Foster, anagwira m'mphindi zotsiriza inamenyedwa mofooka. Mukamufunsa kumene anazimva zonsezi, amati anangodutsa pamene wailesi ya kanema ya mnansi wake inali yotsegula.

Pambali pake pamakhala mneneri. Ameneyu, monga Yona amene anakhala kunja kwa Nineve kudikira chiwonongeko, analosera kuyambira tsiku loyamba kuti mlendo ndi mame, ndipo eni atsopanowo akadzatopa adzanyamula makamera awo n'kusiya bwalo la Wrexham la Racecourse litamera udzu. Wrexham itakwera mu 2023, iye anati League Two ndiyo idzakhala manda awo. Itakweranso mu 2024, anasamutsira mandawo ku League One. Ndipo itafika mu Championship mu 2025, kachitatu motsatizana, anapukusa mutu mwachisoni nanena kuti tsopano ndiye afika pamwamba pokwanira kuti kugwa kwake kudzamveke bwino. Bokosi analigula kale, nyimbo anasankha, koma womwalirayo akupitirirabe kunenepa.

Wachitatu ndi mlaliki wa chilungamo, ndipo pa onse ndiye woyenera kumumvera, popeza zina zimene amanena n'zoona. "Akuluakulu," amatero atakweza chala, "ifenso tinakwera katatu motsatizana, kuyambira 2011 kufikira 2013, ndipo mu 2013 momwemo tinawathira zigoli ziwiri kwa duu pakhomo pawo pomwe. Kodi alipo amene anabwera ndi kamera? Timu yathu ndi yathu. Tinaiukitsa tokha kwa akufa, ndipo mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Apa onse amaomba m'manja, ndipo palibe wopanda mwambo amene amakumbutsa kuti nayo Wrexham inali ya ochemerera ake kufikira tsiku limene iwo eni anavota mwaunyinji kuti aigulitse, kapena kuti udzu wa bwalo la Deva, pamene Chester imatetezera ulemu wa England, uli m'dziko la Wales.

Pangodya pamakhala kachetechete mnyamata amene anakwatira ku Wrexham. Loweruka lililonse amauza anzake kuti akukaona apongozi amene sakupeza bwino, ndipo anthu aona kuti matenda a apongoziwo amakula pa masiku okhawo amene Wrexham ikusewera pakhomo. Amabwerako mawu atasasa, ati chifukwa cha kupemphera.

Usiku ukakula, mayi wogulitsa mowa, amene wamva ulaliki umenewu zaka zonsezi, amafunsa akupukuta matambula: "Nanga bambo, atabwera wa mafilimu wina mawa kudzagula Chester, mungatani?"

"Tingamukane, mayi, ndithu tingamukane," amayankha mlalikiyo, nayang'ana kukhomo. "Komatu choyamba tingamupatse mpando ndi kumva kuti wabwera ndi zingati, pakuti kubweza mlendo musanamve zimene wadzera si khalidwe la anthu a ku Chester."