Mbewa M'pulasitiki ya ku Shoprite

Chilengezereni boma mu February 2017 kuti Chipata tsopano ndi mzinda, anthu a kuno tili pa ntchito yaikulu yobisa zinthu zimene zimatikomera. Zinthuzo sizinasinthe ayi. Nsima ndi yomwe ija, fumbi la mu September ndi lomwe lija, phiri la Kanjala lili pomwe linali kuyambira tauni ino ikadatchedwa Fort Jameson. Chatsopano chimene chinabwera ndi ulemu wa mzindawu ndi manyazi basi.

Taonani zimene zimachitika anthu akatha kukolola, anyamata atayamba kukumba mauna m'minda ndi kuima m'mbali mwa Great East Road atanyamula mipani ya mbewa. Bwana wa tayi akuchokera ku msonkhano ku Katete. Waona mpani, mate adzaza m'kamwa, koma saima pomwepo. Amapitirira kaye mpaka pa mtengo wachitatu, n'kuyang'ana pa galasi ngati kumbuyo kukubwera galimoto ya munthu womudziwa, kenaka n'kukodola mwana uja ndi chala chimodzi.

"Iwe mwana, tathamanga. Pali kapuku apo? Ndikugulira agogo ako, paja okalamba sachedwa kudandaula."

Agogo akunenedwawo tinawaika m'manda zaka zapitazo, ndipo bwanayu ndiye anagula bokosi. Mpani umathyoledwa pakati, n'kulowa pansi pa pulasitiki ya ku Shoprite, pamwamba pake buledi. Kunyumba ana amauzidwa kuti akaonere TV kwa aneba. Chitseko chikatsekedwa, tayi imapachikidwa pa mpando, ndipo munthu wa madigiri awiri amayambira kumutu n'kutsirizira kumchira, osasiya ngakhale kaubweya. Mawa lake ku ofesi mnzake wa Chibemba akamuseka kuti anthu a kum'mawa mwatha makoswe m'dziko, iye amakana kwamtuwagalu kuti zimenezo anasiya ali mwana, n'kubwezera ndi nkhani ya anyani monga mwa mwambo wa chimbuya. Chonsecho mano akutokosa ndi kamtengo ka machesi.

Za zovala ndiye musanene. Tsiku lotsegula belo la salaula ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market, mudzaona amayi ena atafunda chitenge mpaka m'maso ngati kuli maliro. Si chisoni chimenecho, akuopa kuzindikiridwa. Amawerama pa mulu, dzanja lina likusanthula, lina litapana kale madiresi atatu m'khwapa. Akagwira diresi limodzi anthu awiri, palibe woyang'ana mnzake kumaso. Aliyense amangokoka mbali yake mwaulemu mpaka wina atatopa. Diresilo limakaviikidwa kawiri kuti lichoke kafungo kaja kamene mphuno ya munthu aliyense wa m'dziko muno imakadziwa, kenaka limasitidwa Loweruka usiku.

Lamulungu pa khomo la tchalitchi nkhani imakhala itasintha.

"Koma ndiye lakukhalani, amayi. Munalipeza kuti?"

"Aa, kanthu kachabechabe aka. Ananditumizira alamu anga a ku Johannesburg."

"Alamu anuwo ali ndi diso. Muwapatse moni."

Wofunsayo ndi yemwe uja anagwira mkono wa diresi lomweli Lachisanu. Akudziwa, ndipo mnzakeyo akudziwa kuti akudziwa. Koma nsapato zimene wavala wofunsayo nazonso akuti zinachokera kwa mphwake wa ku Lusaka, choncho palibe angayambe kuulula. Ine ndimati mtendere wa m'mipingo yambiri ya m'tauni muno wagona pa pangano limeneli, osati pa maulaliki.

Abambo nawo ali ndi matenda awo. Mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, phula likunyeta pa msewu wa ku Down Shops, mudzakumana ndi mkulu atavala jekete ya ubweya imene anaisokera chisanu cha ku London, mabatani onse atamanga. Thukuta likuyenderera m'khosi, koma kuvula sangavule, chifukwa malaya a m'katimo ndi ong'ambika pamsana. M'thumba lina muli mpango wa kumaso, m'thumba lina kansanza ka nsapato, ndipo pa mphambano iliyonse amaima n'kupukuta nsonga za nsapatozo, fumbi n'kubwereranso asanayende mapazi khumi. Ku ukwati amapita pa njinga ya hayala, koma amatsika patatsala nyumba ziwiri, n'kulowa pa geti akuzunguza makiyi pa chala. Mukawayang'anitsitsa makiyiwo mupeza kuti ndi a loko wa khola la nkhuku.

N'zodabwitsa kuti njinga tikuchita nayo manyazi, pomwe ndi imene inatchukitsa tauni ino. Kuno n'kumene kunali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle, ndipo mpaka lero makala, mbuzi, matumba a nshawa ndi amayi oyembekezera zimafika m'tauni pa kaliyala. Anyamata opalasa njingazi ndiwo okha amene sabisa chimene amakonda. Kaliyala amaikapo khushoni ya mphonje zofiira, magalasi awiri kapena anayi, belu lolira bwino, ndi mawu a m'Baibulo pa kachikopa ka kumbuyo. Njinga zamoto zawalanda makasitomala ambiri, koma m'mawa uliwonse mudzawaona akupukuta masipoko limodzilimodzi. Mayi akakwera, amakhala cham'mbali, msana chilili, chikwama pa miyendo, n'kumagwedezera mutu anthu a m'njira. Akangoona mnzake wa m'gulu la chilimba, amayamba kuyang'ana foni, kuti zioneke ngati galimoto ili ku garaja.

Ndiye pali "misonkhano ya bizinesi". Pitani ku Mchini, ku Navutika kapena ku Magazine masana, pansi pa mtengo wa mango uliwonse wa mthunzi wabwino. Mupeza mizere inayi ya maenje, timiyala, ndi abambo khumi ndi awiri. Osewera nsolo ndi awiri okha. Khumi enawo ndi alangizi, ndipo aliyense wa iwo akadakhala iye akadapambana kalekale. Pambali pali thabwa la drafuti, zitsekero za mabotolo zina zoyang'ana kumwamba, zina pansi, zikumenyedwa mwamphamvu kuti a nyumba yachitatu amve kuti munthu wadyedwa. Pakati pa alangizi aja pali bambo amene anatumidwa tomato ndi anyezi nthawi ya 10. Tsopano ili 14 awazi, tomato wafota m'manja, foni yalira kanayi.

"Amake mwana, ndili ndi anthu ena ake pano, tikumalizitsa nkhani. Ikani madzi pamoto."

Nkhani yake ndi yoti mkulu wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi wasuntha mwala mnzake akuyetsemula, ndipo bwalo lagawikana pawiri. Mlandu wotere sungasiyidwe pakati chifukwa cha ndiwo.

Madzulo ena amatchera Breeze FM kapena Radio Maria kudikira nthawi ya moni. Munthu amawononga ndalama ya foni kupereka moni kwa neba amene akumumva kutsokomola kuseri kwa khoma, ndipo nebayo amakweza wailesi kuti komboni yonse idziwe kuti watchulidwa. M'mawa akakumana pa mpopi sanena kanthu za izo.

Chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti akumapita tsiku lonse, tauni yonse inadandaula, ndipo kudandaulako kunali koona: ometa, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa nyama anavutika zedi. Koma ndinaonanso china ku Kalongwezi, kwa anthu a mipanda ya njerwa. Mbaula zimene zinkabisidwa kuseri kwa nyumba zinatuluka poyera. Mabanja anakhala pa khonde kukazinga nshawa ndi kuotcha kandolo, agogo akusimba nthano, bambo akupepeza moto ndi chivundikiro cha poto mwaluso loonetsa kuti sanayambe lero. Aliyense ankati, "Titani nanga, ndi mavuto a malaitiwa." Malaiti akabwera ana ankakuwa ndi chimwemwe n'kuthamangira m'nyumba, koma akuluakulu ankatsalira panja, ati kudikira kuti makala athe kaye, asawonongeke.

Tsiku limodzi lokha pa chaka ndi limene anthu a mzinda uno amapuma pa ntchito yobisayi. Loweruka lomaliza la February, msewu wopita ku Mtenguleni umadzaza, ndipo sabata yonseyo zikopa, zishango ndi zibonga zimagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Pa mwambo wa Nc'wala umenewu, Inkosi ya Makosi Mpezeni ikamalawa zakudya zoyamba za m'munda, mkulu uja wa jekete ya ubweya mudzamuona ali chifuwa pamtunda, kachikopa pamutu, mimba ikugwedezeka, akuponda pansi mpaka fumbi kubuka. Ena mwa ovina mwamphamvuwo si Angoni n'komwe. Ndi Achewa amene mu August adzapezekanso ku Kulamba ku Mkaika, ndipo chikopacho achita kubwereka. Amadya nyama yootcha ndi manja, amamwa za m'chipanda, amaimba mokweza nyimbo zimene mawu ake sawadziwa bwino.

Mukakumana nawo Lolemba ku ofesi atamanganso tayi, akuyenda motsimphina, adzakuuzani kuti anangoperekeza alendo ochokera ku Lusaka. Avomerezeni, ndipo chithunzi chili m'foni mwanucho musawaonetse pa gulu.