Kaundula wa ndalama zokonzera pansi pa Hilux yathu

Januwale 2024. Silikoni wa pa mawindo a nyumba, machubu awiri: K140. Bambo a ana anamata okha pomwe madzi amalowera, kumapazi kwa wokwera. Ndaika ndalamayi pano chifukwa ndi yomwe inakulitsa zina zonse. Silikoni wa fungo la viniga uja ali ndi asidi, ndipo pansi pake dzimbiri limapitiriza kudya chitsulo mwakachetechete.

Lolemba, 14 Okutobala. Dizilo wochokera ku Chimwemwe kukafika ku Heavy Industrial Area: K100. Ndinapita ndi galimotoyo ndekha popeza buku ndimasunga ndine. Amakanika atafunyulula mphasa ya mphira, pansi panali dothi lofiira lonyowa, pamene mvula tinaiona kalekale. Anabaya ndi sikuludiraiva, chitsulo n'kumayoyoka ngati chikhokho cha mumphika. Bowo limene tinkaliyesa ngati kapu linakula kufika pa mbale ya nsima. Pansi pakepo ndinaona paipi ya ekizosi, yong'aluka pang'ono polumikizira. Mwana wathu wamng'ono amakhala pampando umenewo tikamapita kumsika wa Chisokone m'mamawa, mawindo otseka, ndipo kangapo konse wakhala akudandaula mutu. Utsi woopsa wa carbon monoxide sununkha. Kuyambira pamenepo ndinasiya kunenerera mitengo.

Chitsulo chatsopano cha 1.2 mm, chodula kale: K220. Madisiki awiri a galayinda: K90. Gasi ndi waya wowotcherera, kuphatikiza ming'alu ya ekizosi: K300.

Petulo wa jenereta: K150. Mu 2024 madzi anachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankabwera maola ochepa, kawirikawiri usiku. Galayinda sidikira usiku.

Nsima ndi kapenta ya amakanika ndi mnyamata wawo, masiku awiri: K70. Basi yobwerera kunyumba ndi kupitanso: K60.

Lachiwiri, 15 Okutobala. Asanayatse moto amakanika anachotsa batire, anasuntha mawaya, n'kuphimba mapaipi a mabuleki ndi a dizilo ndi chiguduli chonyowa. Anadula mpaka pomwe chitsulo chimawala. Powotcherera ankadontheza pang'onopang'ono, apa kenako uko, kuti chitsulo chopyapyalacho chisapindike ndi kutentha. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, bwanji osangomata chigamba pamwamba?" Anandiyankha m'Chibemba chosakaniza ndi Chinyanja kuti, "Bamayo, zitsulo ziwiri zikagonerana, pakati pake pamasunga madzi." Ndinawamva, ndipo ntchito yawo ndinaikonda.

Penti wa red oxide, lita imodzi: K160. Seam sealer wa polyurethane, chubu chimodzi: K280. Ameneyu ndiye amene tinayenera kugula mu Januwale, atapalapo kaye dzimbiri. Amagwira pa penti woyamba, salimba gwa, ndipo penti wina amakhala pamwamba pake. Phula lopaka kunsi kwa galimoto: K190.

Lachitatu, 16 Okutobala. Mnyamata anathira ndowa ya madzi padenga, ine ndili m'kati. Madzi anatsika pakona ya galasi lakutsogolo, n'kudutsa kuseri kwa dashibodi mpaka pachigamba chatsopanocho. Gwero la vuto lonse linali mphira ya galasi, youma ndi dzuwa. Ina yogwirapo kale ntchito, yochokera kwa ogulitsa zida za galimoto zophwasula: K350. Timabowo totulutsira madzi kunsi kwa zitseko tinali totsekeka ndi matope. Anatsegula ndi waya: ulere.

Ntchito ya amakanika: K650. Talipira K400.

Hayala ya galimoto ina yonyamula matimati masiku atatuwo: K450.

Zonse za Okutobala: K3,070. Kuphatikiza silikoni uja: K3,210.

Kumene zachokera: chilimba cha amayi anzanga kumsika, K2,000, chomwe ndinati chikhale cha feteleza wa amayi ku Katete, ndalama ya nsapato za sukulu za mwana wathu wamkulu, K400, mpamba wa matimati, K420. Amayi ndawaimbira, ndawauza kuti thumba lawo lichedwa mpaka Disembala. Nsapato zakale tazipereka kosoka.

Mphasa ya mphira sitinaibwezeremo, ili padenga la khitchini mpaka phula liume. Ngongole yotsala kwa amakanika ndi K250, yolipira pa 31 Okutobala.