Sienta yakana kulira pa Katowo

"Ikankheni!"

Mawuwa anamveka dalaivala asanatsike n'komwe pampando. Unali m'mawa pa Katowo, ku Hewe kwa Themba Katumbi. Sienta yotuwa ndi fumbi inali itadzaza anthu opita ku Rumphi boma, matumba a chimanga ali kumbuyo, nkhuku ziwiri zili pansi pa mpando. Dalaivala atapotokola kiyi, galimoto inangoti thi! kamodzi, kenako zii.

Ine ndinali pakhonde la golosale, makutu ali tcheru. Zambiri zinkayankhulidwa m'Chitumbuka, koma ndikuuzani m'Chichewa.

Anyamata a kabaza anali atagwira kale kumbuyo, mapazi atakanikiza pansi.

"Achimwene, musataye mphamvu, iyi ndi otomatiki," anatero dalaivala.

Anyamatawo anaisiya monyinyirika. Kwathu kuno tinakula tikudziwa kuti galimoto yokana kulira mankhwala ake n'kukankha: giya yachiwiri, kuponda kilachi, ikathamanga n'kuisiya. Zimenezo zimatheka chifukwa matayala amazunguza injini kudzera pa kilachi. Koma galimoto zakale za ku Japan zimene zimatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zambiri zilibe kilachi yoponda. Mutha kuikankha mpaka kukafika ku Bolero, injini osagwedezeka.

"Ndi mafuta a m'zigubuwa," anatero bambo wina wa jekete. "Amathiramo palafini anyamatawa."

Mayi wina amene anakhala pazenera anali ndi maganizo ena. "Pali wina wakwera ndi katundu wolemera m'chikwama. Aulule, tinyamuke."

Anthu anaseka, koma ndinaona awiri atatu akusuzumirana zikwama.

Apa m'pamene anatulukira mkulu wina wa pachigayo, nsidze zili mbuu ndi ufa. Sanakhudze chilichonse. Anangoti, "Mwana wanga, tapotokolanso ndimve."

Thi!

Anatembenukira kwa bambo wa jekete uja. "Adada, mafuta tiwasiye kaye. Akanakhala mafuta, injini ikanazungulira, nyenyenye, n'kumangokanika kugwira. Iyi siikuzungulira n'komwe. Nkhani ili pa moto."

Anauza dalaivala kuti ayatse magetsi akutsogolo, n'kutuma kamnyamata kukaima pamaso pa galimoto. Magetsi anayaka ndithu. Kiyi atapotokoledwa, anazimiratu.

"Mwaona? Akanakhalabe owala, tikanakayikira sitata. Mwina makala ake atha, mwina yangomatirira, ndiye umaigogoda pang'ono ndi sipanala wina akupotokola kiyi. Kukanakhala kuti palibe ngakhale ka thi, ndikanati giya siinakhazikike pa P, uyese pa N, kapena fyuzi yapsa. Koma magetsi akamafa chonchi, moto sukufika wokwanira. Tsegula boneti."

Dalaivala anatsutsa, nati batire ndi yatsopano, anaigula ku Mzuzu mvula isanagwe. Mkuluyo sanalimbane naye. Anagwira teminolo imodzi ndi zala ziwiri, ndipo inazungulira yokha ngati chivindikiro cha botolo. Pamutu pa batire panali ufa wouma, woyera mobiriwira, ndipo pakati wina anakhomerapo kamsomali kuti pagwire.

Batire yodzaza bwino imakhala ndi mavoti 12.6. Nyali ndi wailesi zimamwa pang'ono, moti zimayaka ngakhale waya akungokhudza pamwamba. Sitata ndiye yadyera: kuti izunguze injini imakoka moto woposa maampu 100 nthawi imodzi, ndipo pamalo pogwedera ndi podetsedwa moto woterowo sudutsa. N'chifukwa chake dalaivala amalumbira kuti batire ili bwino poti wailesi ikuimba, galimoto ili du. Ndiye ganizirani msewu wa kuno. Phula limene andale ankalonjeza pa msewu wa Rumphi, Nyika mpaka Chitipa linali lisanafike kuno, ndipo galimoto yoyenda m'mabampu tsiku ndi tsiku imamasula nati iliyonse.

"Ndipatse sipanala ya 10."

Dalaivala anafufuza pansi pa mpando, anapeza nkhuku. Kondakitala anayang'ana kumwamba. Kunena zoona apa ndiye panandinyansa: munthu wanyamula miyoyo ya anthu, akudutsa m'mphepete mwa Vwaza kumene makaniko sungamupeze pafupi, koma m'galimoto mulibe ngakhale pulayala. Sipanala anakabwereka kwa wokonza njinga.

Wina anati athirepo Coca-Cola. Mkuluyo anati ndalama imeneyo amugulire iyeyo amwe, n'kuitanitsa madzi otentha ku tiyirumu. Anayamba kumasula waya wa chizindikiro chochotsera, uja amamangidwa ku chitsulo cha galimoto, kuti sipanala ikakhudza penapake pasathetheke moto. Anatsuka, anapala ndi mpeni mpaka mtovu unawala, anataya msomali uja, n'kumanga zolimba.

Ulendo uno injini inazungulira, koma mwaulesi, kawiri, n'kuleka. Batire inali itafooka chifukwa waya wogwedera uja sankailola kuchajika bwino poyenda. Mwini malo ochajitsa mafoni anavomera kubwereketsa batire yake, atayamba wamva kuti amupatsa zingati. Analumikiza kofiira ku kofiira, ndipo Sienta inalira. Amayi anaimba nthungululu, ndipo mayi uja wonena za katundu wolemera anati iye ankangocheza.

Kondakitala anafuna kuonetsa kuti nayenso amadziwa. Anati azule waya wa batire injini ili chilirire, ikapanda kuzima ndiye kuti alitaneta ikuchaja.

"Usayerekeze!" mkuluyo anamumenya padzanja. "Zimenezo tinkachita pa malole akale. Izi zili ndi kompyuta, uitentha, ndipo siigulitsidwa pa Katowo. Mukafika ku boma akayeze ndi mita. Injini ikulira pazikhala mavoti pafupifupi 14. Zikachepa, muone lamba ndi alitaneta. Ndipo panjira musaizimitse."

Dalaivala anamupatira kangachepe m'manja, n'kunena kuti "Yewo chomene, adada." Galimoto inanyamuka dzuwa litakwera kale, bambo wa jekete akadaumirirabe kuti mafutawo ngosakaniza.

Inu madalaivala a msewu wa Hewe, mukafika ku Rumphi lero gulani sipanala ya 10 ndi mawaya ojampira. Mkulu wa pachigayo uja ali ndi ntchito yake, ndipo apo anasiya amayi ali pamzere ndi madengu a chimanga.