Kalata ya ku Joni: Mwera tinkaunamizira

Johannesburg, Julaye

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, ana ndi onse kwa Maganga. Ine kuno ndilipo, kungoti zala zikukana kugwira cholembera.

Achimwene, mwera tinkaunamizira. Inu mukaona nyanja yakwiya mu Juni, mabwato ali kumtunda ku Senga Bay, mumafunda chitenje cha alamu n'kumati kwazizira. Amenewo ndi masewera. Kuno kumacha udzu uli mbuu ndi chisanu, ndipo madzi a pampopi amaluma mpaka m'mafupa. Ine mwana wa kunyanja, amene ndinkasamba osauzidwa, lero ndimangopukuta kumaso n'kupempha thupi lonse kuti lidikire Sepitembala.

Mzinda uno uli pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera panyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita osafika 500. Pokwera basi tinkati tikutsikira kummwera, chonsecho tikukwera phiri. Pa 10 Julaye 2023 kunagwa sinowo. Eni dziko anathamangira panja kukajambula zithunzi, ine ndinathamangira m'bulangete.

Kwathu mphepo timazidziwa mayina: mwera, mpoto, vuma, zambwe, ndipo msodzi amangonunkhiza n'kudziwa ngati lero n'kopalasa. Kuno ndangodziwapo ya Ogasiti, imene imanyamula fumbi la pamilu ya dothi la m'migodi n'kukuthira m'mano. Za mawa anthu amafunsa foni. Nyanja kulibe, madzi akumwa amachokera kutali ku damu la Vaal. Anzanga ananditengera ku Zoo Lake, ndipo nditaima m'mphepete mwake ndinafunsa kuti nyanjayo tifikako nthawi yanji.

Mvula imayamba cha mu Okutobala. Si ya mvumbi ayi: imabwera masana ndi mabingu, n'kukalipa pang'ono, kenaka dzuwa ngwee. Tsiku lina imagwa ndi matalala aakulu ngati mazira a nkhunda. Apo bwana amathamanga kukafunditsa galimoto mabulangete, ndipo ine wa m'galadeni ndimauzidwa kuti ndigwire m'makona kuti asauluke. Mutu wanga ulibe inshuwalansi, koma palibe amaufunditsa.

Za jekete munapempha lija, ndagula, lokongola zedi. Panopa ndikuliyesa kaye usana ndi usiku, kuopa kukutumizirani chinthu chabodza. Ndidzalipatsira pa basi mu Okutobala, kuno kukafunda. Ndikudziwa kuti nthawi imeneyo ku Salima mchenga umawotcha mapazi ndipo anthu amagona pakhonde, koma mudzalivale ndithu Lachisanu popita kumzikiti, anthu adziwe kuti muli ndi m'bale ku Joni.

Mwera ukaleka, munditumizire usipa wouma. Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti ndanenepa. Asadziwe kuti ndi majuzi.

Ine mng'ono wanu,
wa ku Joni