Phazi Lakula, Giya Sikulowa

Amene anapanga njinga zamoto zimene zadzaza pa siteji ya Chitedze anayeza zinthu zambiri: thanki, mpando, katundu amene njinga ingasenze. Phazi la munthu wolima mtedza ndilo sanaliyeze. Ma Lifo, ma King Lion ndi ma Boxer onsewa amene anachokera ku China ndi ku India ali ndi kampata kakang'ono pakati pa popondera ndi nsonga ya giya liva. Kamakwana nsapato ya ku ofesi. Tsono bwerani ndi jombo ya saizi 13, yomata matope a m'dimba, muone ngati chala chilowe pansi pa chitsulocho.

Mkulu wina wa kabaza anapeza nzeru yachidule. Akanyamula munthu, amavula jombo ya kumanzere, kumene kuli giya, n'kupatsa pasinjala kuti agwirizire. Tsiku lina ananyamula mayi wopita ku Mpingu, jombo ili pamiyendo ngati mwana wodwala. Atafika, mayi uja anapereka ndalama yoperewera K300.

"Amayi, yaperewatu iyi."

"Yakwana, achimwene. Inu mwanyamula ine, ine ndanyamula jombo yanu. Kapena katundu amakwera ulere masiku ano?"

* * *

Mkulu yemweyo anakumana ndi apolisi apamsewu chakufupi ndi Msundwe, phazi limodzi lili pamtunda.

"Bambo, laisensi sitinafunse, chipewa sitinafunse. Tiyambe ndi nsapato. Inayo ili kuti?"

"Ili ndi kasitomala, bwana."

"Mwapinyolitsa?"

* * *

Manyazi atamukwana, anakwera minibasi kupita m'tauni, ku Malangalanga, kumene kuli timashopu ta masipeya. Kuchokera pa Chitedze ndi makilomita 16 okha, koma kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wopita kukagula sipeya amatsanzika kunyumba mwaulemu.

"Njinga yanu ndi yanji, bigi?" anafunsa mnyamata wa m'shopu.

Mkulu uja sanayankhe. Anangonyamula mwendo n'kuika jombo pa kauntala. Mnyamata anayang'ana jombo, n'kuyang'ana mashelefu ake.

"Za thirakitala sitigulitsa, madala."

Kenako anatulutsa zitsulo zitatu. Choyamba anati ndi orijino. Chachiwiri anati ndi orijino ya mtengo wotsika. Chachitatu anati nacho ndi orijino, koma musachiponde mutakwiya.

Apa pali nkhani yeniyeni imene ogula ambiri saimva chifukwa maso ali pa mtengo. Chitsulo cha giya chimalowa pa kashafuti kotuluka mu injini, ndipo kashafutiko kali ndi timano tozungulira. Timano ta chitsulo tiyenera kugwirana ndi timano ta shafuti, bawuti imodzi n'kumanga. Kukula kwa bowo ndi timano zimasiyana malinga ndi mtundu wa njinga. N'chifukwa chake wanzeru amamasula chakalecho n'kupita nacho ku shopu m'thumba. Mkulu wathu anapita ndi phazi lokha. Anasankha chachitali kuposa zonse, chonyezimira, cha aluminiyamu, cha njinga ya mtundu wina.

Atafika kunyumba chinalowa mosavuta, mosavuta kwambiri. Anadula kachitini ka sadini n'kukulungiza pa shafuti kuti chigwire. Chinagwira mpaka pa geti ya Chitedze Research Station. Pamenepo anaponda, chitsulo n'kuzungulira chokha mpaka kuloza pansi. Malo amenewa akhala akufufuza za ulimi kuyambira 1948, anatipatsa mtedza wa CG7, koma palibe wasayansi anatuluka kudzafufuza za munthu wokankha njinga yonyamula matumba awiri a mtedza womwewo, ili mu giya thuu, dzuwa lili paliwombo.

Ine pa nkhani ya aluminiyamu ndili ndi mbali. Ndi yokongola, ndi yopepuka, koma njinga ikagwa pa matope a njira za kwa Kabudula aluminiyamuyo imathyoka ndithu, basi mwagula china. Chachitsulo chimangopindika, mumalowetsa paipi n'kuwongola, ulendo n'kupitirira. Zilipo zina zopangira njinga zoyenda m'tchire zimene nsonga yake ili ndi sipuling'i, ikagunda chitsa imapinda yokha n'kubwerera. Zimenezo n'zabwino, kungoti mtengo wake umapinda mwini wake.

* * *

Ku Nsaru kuli owotcherera zitsulo amene sadziwa mawu oti "sizingatheke". Mnzake wa mkulu uja, nayenso wa phazi lodalitsika, anapita kwa mmodzi wa iwo. Wowotcherera anathyola phesi la chimanga, n'kuyeza phazi kuyambira ku chidendene mpaka ku chala chachikulu, ngakhale chimene chimafunika n'kuyambira pakati pa phazi pokha. Anadula giya liva ndi gilayinda, n'kulumikizapo chidutswa cha chitsulo chotsala pa mawindo a tchalitchi.

Phazi linalowa bwino lomwe, mpata n'kutsala wa phazi lina. Koma chitsulo chikatalika, ulendo wa nsonga yake nawonso umatalika. Kuti achoke mu wani kupita mu thuu, munthu ankakweza bondo mpaka kufika pa handulo. Atadutsa pa msika akusintha magiya, agogo ena anaombera m'manja.

"Mdzukulu, mganda wake uli kuti lero?"

China chimene wowotcherera sananene n'chakuti chitsulo chachitali chimachulukitsa mphamvu. Phazi la saizi 13 likaponda pa nsonga yake, kashafuti kaja ndi timafoloko tosuntha magiya m'kati mwa injini ndi timene timalira. Patapita milungu ingapo timano tinatha. Anabwerera ku Nsaru.

"Musadandaule, achimwene. Tingowotcherera pa shafuti pomwepo, sichidzachokanso."

Ananena zoona. Moto unapsereza kalabala koletsa oyilo, oyilo n'kuyamba kudontha pa jombo. Tsiku losintha kalabalako, makaniko anafuna kuchotsa chitsulo chija, n'kupeza kuti chinakwatiwa ndi injini ukwati wa mpingo. Anaitanitsa gilayinda.

"Koma jombo yanu ikuwala, atsibweni," anatero makaniko pomutonthoza. "Polishi simugulanso."

* * *

Njinga zambiri za kabaza zili ndi chitsulo cha mbali ziwiri, kutsogolo kopondera ndi chala, kumbuyo kopondera ndi chidendene. Anachipanga dala kuti munthu wovala patapata asamakweze giya ndi pamwamba pa phazi. Kwa phazi lapakati ndi mtendere. Phazi lalikulu limakwirira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Mphunzitsi wina wa ku Nambuma anadandaula kwa makaniko kuti njinga yake ili ndi maganizo awiri.

"Ndikaponda, sikudziwa ngati ndikufuna kukwera kapena kutsika."

"Nanga inuyo mumadziwa, aphunzitsi?"

"Ine ndimadziwa. Phazi ndilo limavota kawiri."

Anadula mbali ya kuchidendene, mlandu n'kutha.

* * *

Pa Chitedze pomwepo pali makaniko wachikulire amene amachiza matendawa ndi sipanala ya 10. Amamasula bawuti, kusolola chitsulo, kuchikweza dzino limodzi, kubwezera, kumanga. Nsonga imakwera pang'ono, jombo n'kulowa pansi pake. Nthawi zambiri vuto lonse limakhala lomweli, osati kutalika kwa chitsulo. Ntchito ya mphindi ziwiri.

Vuto ndi malipiro. Wina atauzidwa kuti apereke K1,000 anakana.

"Mwachita chiyani, madala? Moto sindinauone, sipeya simunaike. Ndilipire kumasula bawuti?"

Kuyambira tsiku limenelo madala aja amatuma mwini njinga kuti akamwe tiyi. Iwo amakweza dzino limodzi lija, kenako n'kutenga hamala n'kuyamba kumenya mgolo wopanda kanthu kuseri kwa shedi kwa theka la ola. Mwini njinga akabwera amawapeza ali thukuta kamukamu, n'kupereka K3,000 akuthokoza, ena amaonjezerapo ya sopo.

* * *

Mnzathu wowotcheretsa ku Nsaru uja sanasiye chitsulo chake chachitali, ngakhale anagula shafuti yatsopano. Ndinadabwa, mpaka nditamva kuti ndi mkamwini. Njinga ya mkamwini ndi ya mudzi wonse. Alamu amabwereka kupita ku mpira, apongozi amatuma mdzukulu ku chigayo, wina akuti akaone wodwala ku St Gabriel's ku Namitete n'kubwera mawa lake thanki ili gwa. Kukana sungakane, uli pa nthaka ya eni.

Chibwerere kwa wowotcherera, alamu wamkulu anabwereka kamodzi. Phazi lake la saizi 6 silinafike pa nsonga. Anayenda mu giya wani mpaka ku Msundwe, injini ikulira, a njinga zakapalasa akumupitirira n'kumamupatsa moni. Anabweza njinga osanena kanthu, ndipo sanabwerekenso.

Mbiri inamveka. Loweruka lotsatira kwa wowotcherera kunafika kamnyamata kochepa thupi, kongokwatira kumene, katavala jombo za saizi 13 zogula pa kaunjika wa ku Tsoka, m'kati katatsendera manyuzipepala.

"Achimwene, mundiikire chachitali chija."

Wowotcherera anayang'ana jombo, n'kuyang'ana timiyendo.

"Alamu alipo angati?"

"Asanu ndi mmodzi."

"Dikirani ndikatenge chitsulo cha pa geti."