Mkango wotola nthochi

Mnyamata wina wa pa Makoni, woyala zimbale pakatoni pafupi ndi pokwerera makombi, tikadzakumananso tidzakambirana zachimuna. Anandigulitsa gemu ya katuni ina ya nyama zolankhula, akulumbira pali make kuti mwana woisewera amaiwala ndi kudya komwe. "Madala, iyi ndi orijino, mudzabwera nokha kudzandithokoza." Chenji analibe, anandipatsa maswiti ndi madalitso. Chimbalecho ndinapita nacho ku Zengeza 4 kwa achemwali anga, poti mwana wawo wakhoza mayeso, ndipo masiku ano malume wofika chimanjamanja amalandira moni wa dzanja limodzi, maso a mwana ali kwina.

Kunyumbako kuli PlayStation 2 imene inachokera ku Joni itakulungidwa m'bulangete. Makina a mtundu umenewu anatuluka m'chaka cha 2000, choncho ndi aakulu kuposa aphunzitsi ena a mwanayo, ndipo ukawayatsa amayamba atsokomola kaye, poti ndi ufulu wa okalamba. Tinalowetsa chimbale n'kudikira. Achemwali anatereka madzi a nsima, anathira ufa, phala linabwata, anavundula mpaka kuomola. Pa TV panali pakadazungulira kampira kotiuza kuti tipirire.

Pachikuto panali mkango waulemerero wake, manyenje ali petupetu, anzake atauzungulira akumwetulira. Chimene chinatuluka pa TV ndikukayika ngati Nowa akanachilola kulowa m'chingalawa. Mutu wamakona anayi, mchira wolowa m'mwendo n'kutulukira kumimba, ndipo poyenda sichiponda pansi, chimangotsetsereka miyendo ikupalasa m'malere. Mufilimu mkango umenewu umapulumutsa anzake, umalira, nafenso timapukuta m'maso mobisa. Mugemu aupatsa ganyu. Tola nthochi 100. Mkango, mfumu ya m'nkhalango, kutola nthochi! Ukamaliza pamabwera kanyani kudzakuyamikira, kenaka n'kukuuza kuti mlatho sutseguka pokhapokha utapeza makiyi 10, ndipo makiyiwo ali m'mabokosi amene wina anamwaza m'nkhalango monse. Ndani amasunga mabokosi m'nkhalango? Mlatho unayamba liti kukhala ndi loko? Palibe wofunsa, aliyense ali kalikiliki kutola.

Mawu nawo ndi nkhani ina. Akatswiri otchuka amene amalankhulira nyama za mufilimu ndi odula, ndiye opanga magemu ambiri amangopeza munthu amene mawu ake amafananako ndi a mwini wakeyo akadwala chimfine, n'kumujambula ziganizo zowerengeka. Mkango wathuwu unali ndi nthabwala imodzi yokha. Umainena podumpha, pogwa, potola nthochi, ngakhale pofa. Achemwali ali kukhitchini anafika poyamba kuiyankha.

Ndiye pali wojambula. Ine ndikukhulupirira kuti m'kati mwa makinamo muli kamnyamata konyamula kamera komwe sikanalandire malipiro miyezi ingapo, ndipo mkwiyo wake kakuphwetsera ife. Ukafuna kuona dzenje lili kutsogolo, iko kakuonetsa khoma. Ukatembenuka kuti uone mdani, kakuonetsa kunsi kwa mchira wako. Koma chimene chinandipweteka mtima ndi madzi. Chinyama chimenechi chimagwa kuchokera pamwamba pa phiri n'kudzuka chili bwinobwino, koma chikangoponda m'kamtsinje kolekeza m'akakolo, basi chatisiya. M'tauni muno mu Chitungwiza, momwe mipopi imatha masabata ikutulutsa mpweya wokhawokha, momwe malo osambirira amene anamangira mpikisano wa All-Africa Games mu 1995 timapitako kukavina nyimbo za Alick Macheso, mukutionetsa madzi oyera mbee akuyenderera usana ndi usiku opanda wowatunga, n'kumatiuza kuti ndi oopsa? Kamlongo kake ka mwanayo ndiko kanafunsa funso lanzeru kuposa tonse m'nyumbamo: bwanji mkangowo osangopita ndi zigubu?

Apa m'pamene mwambo wa m'tauni unandigwera. Mwana wa masiku ano akakanika pamalo ovuta salira, sazimitsa makina. Amatembenuka n'kukupatsira padi ndi manja awiri, ulemu umene sanakuonetsepo chibadwire, amvekere: "Amalume, tandidutsitsani apa."

Kwathu ku Dedza, kumene agogo athu anachoka kudzafuna ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya dziko lino, malume ndi mwinimbumba. Ukwati sumangidwa iye asanavomere, maliro saika iye asanafike, mlandu wa mwana amakaimira ndi iye pabwalo. Kuno ku Chitungwiza maudindo onsewo anafota, watsala umodzi: kudumphitsa mkango pamisana ya ng'ona. Ukalephera, mbiri yako imafika kusukulu Lolemba m'mawa. Kukana nakonso kulibe. Mlendo angakane tiyi, angakane mpando, koma padi yoperekedwa ndi manja awiri sakana.

Ng'onazo ndikanazipirira. Koma pasofa panali alamu anga. Alamu anga sanagwirepo padi chiyambire, komabe palibe batani limene sadziwa ntchito yake. Ndi anthu aja ophunzitsa Dynamos mpira ali gone pasofa, anthu aja okhala mpando wakumbuyo mukombi n'kumauza dalaivala posinthira giya kuyambira pa Chikwanha, Seke Road yonse, mpaka m'tauni. "Dumphani, alamu!" Mawuwa amatuluka mkango uli kale m'mimba mwa ng'ona. "Aaa, mwachedwa. Mukanadumpha paja ndimaganiza ine paja." Kenaka amatembenukira mwana wawo: "Waona? Amalume akowa vuto lawo n'kupupuluma." Ndikadekha, vuto langa limasanduka mantha. Ndinawapatsira padi kuti ationetse, amvekere chala chawo chachikulu chinabinya kuntchito mu 2008 ndipo adokotala anawaletsa zodinizadiniza. Chala chomwecho chimayenda pa WhatsApp mpaka tambala woyamba. Akuti pa unyamata wawo anamaliza Pac-Man ndi kandalama kamodzi m'sitolo ina m'tauni, anthu n'kuwanyamula m'mwamba. Pac-Man, gemu imene makina ake amasokonezeka okha munthu akafika gawo la 256! Alamu anga anapitirira pamenepo, anangosiya poona kuti kunja kwada.

Tisawasenzetse alamu zonse. Magemu amenewa amabadwa masiku asanakwane, ndipo chifukwa chake si chinsinsi. Kampani yopanga magemu imalipira ndalama zankhaninkhani kwa eni filimu kuti iloledwe kuika nkhope ya katuni pachikuto, zotsalazo ndiye zopangira gemu. Tsiku lotulutsa sasankha okha: filimu ikamayamba kuonetsedwa, chimbale chikhale chili kale m'sitolo, chapsa kapena sichinapse. Nthawi zambiri amagwira ntchito filimuyo isanathe, akungoonera zojambula zoyeserera, n'chifukwa chake mumapezamo nthochi ndi makiyi zimene mufilimu mulibe. Ndipo wogula si wosewera. Wogula ndi azakhali, agogo, malume, munthu amene wangozindikira nkhope pachikuto n'kupisa m'thumba. Gemu ya filimu ili ngati nyama ya pamaliro: fungo lafika mudzi wonse, koma m'mbale mwako mwagwa msuzi ndi fupa. Kampani ya THQ ya ku America inadya pamenepa zaka zambiri ndi mafilimu a Pixar: Finding Nemo mu 2003, The Incredibles mu 2004, Cars mu 2006, kenaka Ratatouille, WALL-E ndi Up, chaka ndi chaka osapuma. Activision nayo inali ndi Shrek 2 ndi Madagascar. THQ inagwa mu Disembala 2012, koma zimbale zake uthenga wa malirowo sizinaumve, zikadali pamakatoni m'misika yathu.

Chimene chimandiseketsa mowawa ndi liwirolo. Anthu anagona muofesi, ana awo akuwasowa kunyumba, kuthamangira kuti gemu ituluke sabata imodzi ndi filimu cha m'ma 2005. Ife tikuilandira ku Zengeza patapita zaka pafupifupi 20. Abale, mumathamangira chiyani? Mukanakhala pansi n'kuukonza bwino mchira wa mkangowo, ifetu tikanadikira. Kudikira ndiye luso lathu. Timadikira madzi, timadikira magetsi, timadikira kombi kuti idzaze, ndipo sitima ya pamtunda yopita ku Harare takhala tikuidikira kuyambira tikuvala makabudula a sukulu.

Zabwino zilipo, ndisaname. Aladdin ya pa Mega Drive mu 1993 anajambula nawo ndi akatswiri enieni a ku Disney, ndipo makope 4 miliyoni amene inagulitsa anali a thukuta lake. Koma ngakhale zabwinozo zili ndi mbola. Amsinkhu wathu amene anasewerapo The Lion King ya mu 1994 akukumbukira gawo lachiwiri, lija la anyani oponyerana kamkango, akadyamsonga ndi nthiwatiwa, pamene ana a dziko lonse lapansi anakukutira mano. Patapita zaka, Louis Castle wa kampani ya Westwood imene inapanga gemuyo anaulula kuti kuvutako kunali kwadala. Eni filimu sankafuna kuti mwana wobwereka gemu kusitolo yobwereketsa aimalize m'masiku ochepawo, makolo ake n'kusaigula. Ndiye kuti misozi ija inali pa bajeti. Nditawafotokozera alamu nkhaniyi, akuti iwo gawolo analidutsa ndi dzanja limodzi, linalo akudya chimanga chootcha.

Kale anthu a ku America ankadziwa chochita ndi chinthu chochititsa manyazi. Mu 1982 kampani ya Atari inapatsa munthu mmodzi milungu yosakwana 6 kuti apange gemu ya filimu ya E.T., ija ya kamlendo kochokera kumwamba. Si katuni, koma ndiye gogo wa mtundu wonsewu. Inatuluka yoipa moti chaka chotsatira makatiriji osagulidwa, a gemuyi ndi a magemu ena, anakawakwirira kudzala ku Alamogordo m'chigawo cha New Mexico n'kuthirapo simenti. Mu 2014 anthu anakafukula kuti atsimikize. Umenewo ndiye ulemu, chinthu chafa chiikeni m'manda. Zinazi sanakwirire. Zinadutsa m'makompyuta a anthu okopera n'kudzatera pambali pa nsapato za kaunjika ndi machaja osachaja. Dzala la masiku ano ndife, ndipo timapereka dola kuti atitayire. Chonsecho pa Harare pompa, mu 2003, kunatuluka The Legend of the Sky Kingdom, filimu ya tizidole topangidwa ndi zitini, mawaya ndi zitsulo zotola kudzala. Athu anatenga zinyalala n'kupanga filimu, anzathu olemerawo amatenga filimu n'kupanga zinyalala.

Tsopano malonda amenewa anasamukira pa foni. Frozen Free Fall ndi Minion Rush zinatuluka mu 2013, zotenga ulere pa intaneti, ndipo kwathu amene anakodwa si ana ayi. Ndi amayi anga ku St Mary's. Mdzukulu wina anawaikira kagemu kondandalika timiyala ta madzi oundana titatutitatu. Mayi woti chipale chofewa amangochimva m'Baibulo, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ali pakhonde kusanja ayezi. Anzawo a Chigwirizano akabwera kudzawatenga, amvekere tsogolani ndikupezani.

Gemu ya pa foni siikupha ndi ng'ona. Imakupatsa mwayi wowerengeka, ukatha imakuuza kuti udikire kapena upereke ndalama. Usiku wina amayi anatumiza mawu pagulu la WhatsApp la banja, mawu ofooka, akupumira m'mwamba: "Ana inu, moyo wanga watha. Akuti ndidikire, apo ayi ndilipire kaye. Amene ali ndi kangachepe andithandize." Kenaka foni inathima, poti magetsi kunalibe chiyambire m'mawa.

Palibe anadabwa ndi mawu akuti ndilipire kaye. Tonse tikudziwa malo amene amalankhula choncho kwa munthu wodwala. Achimwene a ku Joni anatumiza ndalama pa Mukuru usiku womwewo n'kuyamba kufunsa za basi yodzera pa Beitbridge. Achemwali anayambiratu kulira ali ku Zengeza. Mlembi wa bungwe lathu la maliro anatsegula kaundula kuona ngati amayi anasonkha mwezi watha. Alamu ananena kuti iwo zizindikiro anaziona kale pa Khirisimasi, kungoti m'banja muno palibe amene amawamvera. Kutacha tinakhamukira ku St Mary's, azimayi atamanga kale zitenje. Tinawapeza pakhonde, foni atachajitsa kwa aneba a sola, magalasi ali pamphuno.

"Mwachita bwino kubwera," anatero osatukula mutu. "Moyo unabwerera wokha m'bandakucha. Koma ndalama za mwana wanga wa ku Joni musabweze, kutsogoloku n'kovuta." Anatiyang'ana mmodzimmodzi mpaka maso anaima pa alamu. "Akamwini, paja ndimamva kuti zimenezi inu ndiye kadaulo." Anawapatsira foni ija ndi manja awiri.

Alamu anayang'ana chala chawo chobinya chija, anayang'ana apongozi awo, anayang'ana mbumba yonse itaima pabwalo ndi zitenje za maliro. Ine ndinakoka mpando n'kukhala kumbuyo kwawo kuti ndiziwathandiza maganizo.